Mbaula ya Miyendo Itatu

Chisanu cha Juni chafikanso, abale athu okondedwa, ndipo mphepo yake sisankha wa ku Kabwata kapena wa ku Kabulonga. Mzinda wathu wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, n'chifukwa chake usiku wa Juni ndi Julaye umaluma chotere. Mwezi uno tsono tikambirane za mbaula. Sitikunena kaja ka malata kamene timagula pa Soweto n'kubooka kunsi chaka chisanathe ayi, koma yaikulu yachitsulo, yoti anthu khumi n'kuizungulira pabwalo, imene munthu angathe kuwotcherera pakhomo pake.

Masiku apitawo mbaula inkaoneka ngati chiwiya cha osauka. Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zina. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anachepa ku Kariba, ndipo pofika Seputembala magetsi ankazima maola 17 patsiku, kwina kupitirira apo. Pamenepo utsi wa makala, amene muno timati malasha, unakwera kuseri kwa mipanda ya ku Woodlands monga momwe umakwerera pa mafulati a ku Kabwata.

Koma ife maganizo a mbaula yaikulu anatifikira pamaliro ku Chelstone. Mukudziwa mwambo wathu: amayi amagona m'nyumba, abambo amachezera panja pamoto. Usiku umenewo moto tinausonkha pa simenti ya pakhonde la nyumba ya lendi. Kutacha, simentiyo inali itang'aluka, ndipo mayi wamasiye, mwamuna wake asanaikidwe n'komwe, anayamba kupepesa kwa mwini nyumba. Tinachita manyazi. Pamsonkhano wa mphakati tinagwirizana kuti tikhale ndi mbaula imodzi yolimba, yoti izipita kulikonse kumene kwagwa zovuta. Ntchitoyo inagwera ife, pakuti tili ndi muphwa wathu amene anaphunzira kuwotcherera kwa amisiri a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga.

Choyamba chinali kupeza chitsulo. Malata saima pamoto. Chitsulo cha mbaula yokhalitsa chiyenera kukhala chochindikala mamilimita 3 kapena kuposa. Chotsika mtengo ndi chopezeka msanga ndi rimu yakale ya lole kapena ya basi, popeza ndi yozungulira kale ndipo ili ndi mabowo ake olowera mphepo. Tengani maginito popita kukagula: akakana kumata, rimuyo ndi ya aluminiyamu, isiyeni. Ndipo funsani kumene chitsulocho chachokera. Zivundikiro za ngalande za m'misewu ndi zitsulo za pa nsanja za magetsi zimabedwa chifukwa alipo ozigula. Wogula chakuba ndi mbale wake wa wakuba.

Pali zitsulo zitatu zimene muphwa wathu anatikaniza kwamtuwagalu. Choyamba ndi rimu imene idakali ndi tayala. Kutentha kwa makina kumayambitsa moto wosaoneka mkati mwa labala, ndipo tayala limatha kuphulika ngakhale mwalichotsa mpweya. Liyenera kuvulidwa lonse. Chachiwiri ndi mgolo kapena silinda imene munali petulo, dizilo kapena gasi. Maso amati mulibe kanthu, koma nthunzi yotsalira imangodikira mbaliwali imodzi. Chachitatu ndi chitsulo chonyezimira chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi ena a madzi. Chikapsa chimatulutsa utsi woyera, ndipo woupuma amayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi usiku, n'kumaganiza kuti ndi malungo.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Rimu tinaipala ndi galainda mpaka dzimbiri ndi penti zinachoka m'malo oyenera kulumikiza, chifukwa pa dzimbiri msoko sugwira. Mkati tinayalamo zitsulo za konkire za mamilimita 12, motalikirana ngati kukula kwa chala, kuti makala akhale pamwamba, phulusa ligwe pansi, mphepo ilowere kunsi. Moto wosapuma umafuka utsi wokhawokha. Pansi pake tinaikapo chitsulo chophwatalala cholandira phulusa ndi kutchinga kutentha kuti kusafike pa simenti, n'kuchiboola pakati kuti madzi a mvula asamadikhemo.

Pa miyendo tinatsutsana. Ife tinkafuna inayi ngati tebulo. Mnyamatayo anaseka, nati, "Amalume, kodi agogo kumudzi ankaphikira pa mafuwa angati?" Tinakhala chete. Miyendo inayi imafuna pansi posalala, apo ayi umodzi umalendewera. Itatu imakhazikika paliponse, pa dothi, pa miyala, ngakhale pa bwalo lokumbika ndi mvula. Nzeru imeneyi makolo athu anali nayo kalekale, asanaone makina.

Powotcherera anagwiritsa ntchito kamakina kakang'ono ka masiku ano, kamene kamalowa pa soketi ya m'nyumba, ndi marodi a nambala 6013 a mamilimita 2.5. Sanayambe ndi kusoka msoko wonse. Anayamba wadontheza pang'onopang'ono pa mwendo uliwonse, n'kuimika mbaulayo, kuiyang'ana uku ndi uku, kukhoma apa ndi hamala, ndipo atakhutira anamaliza misoko. Akatha msoko ankagogoda nkhanambo yakuda youma pamwamba kuti aone ngati chitsulo chasungunukirana bwino. Anatipatsa nafe kuti tiyese. Rodi inamata pachitsulo katatu, ndipo msoko wathu woyamba unkaoneka ngati zitosi za nkhuku. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dzanja likathamanga msoko umaonda, likachedwa chitsulo chimabooka.

Apa tiulule kupusa kwathu, mwina kungapulumutse wina. Chigoba cha kumaso chinali chimodzi. Pamene mnyamatayo ankawotcherera, ife tinali chilili pambali kugwirizira mwendo, tikusuzumira kuwala kuja ngakhale anatichenjeza kawiri konse. Masana sitinamve kanthu. Pakati pa usiku tinadzuka maso akutentha ngati mwathiridwa mchenga, misozi ili chuchuchu. Amayi a kunyumba anangoti, "Abambo, safunsa anadya phula; nanga inu amene munauzidwa tikutcheni ndani?" Kuwala kumeneku kumawotcha khungu la diso, ndipo ululu umabwera patapita maola angapo. Kuchipatala anatipatsa mankhwala, tinachira patapita masiku awiri. Magalasi a dzuwa sateteza. Pamafunika galasi lakuda la nambala 10 kapena 11. Ana achoke pamalopo, pakuti iwo ndiwo amakonda kuyang'anitsitsa. Valani magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi zovala za thonje, chifukwa za nayiloni zimasungunukira pathupi. Musawotcherere pansi ponyowa, ndipo chidebe cha mchenga chikhale pafupi.

Wina angafunse kuti, bwanji osangogula yopangapanga ku Garden, m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, kumene amisiri amapanga mageti ndi mafelemu tsiku ndi tsiku? Gulani ndithu ngati mulibe wodziwa ntchitoyi pakhomo. Amenewo ndi ana athu, ndipo amadyetsa mabanja ndi luso limeneli. Musabwereke makina n'kuyamba nokha popanda wokuonetsani. Koma ngati alipo wodziwa, musamane ana anu tsiku lotere. Mdzukulu wathu wa zaka 15, amene foni sichoka m'manja mwake, tsiku limenelo anagwira tepi ndi choko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo tsopano akufunsa za sukulu za ntchito zamanja zimene zili pansi pa TEVETA, bungwe lija linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. M'mera mpoyamba.

Ntchito itatha tinaona chinthu chimodzi chodabwitsa. Miyendo anaitangadza kwambiri, ndipo zogwirira anazitulutsa kunja kotero kuti mbaula yonse inafika mita imodzi m'lifupi. Titadandaula kuti idzavuta kunyamula, anati, "Amalume, ndachita dala. Ndikufuna kuti isathe kulowa pakhomo la nyumba."

Mawu amenewa ndiwo tikufuna kuti musunge koposa onse. Chaka ndi chaka m'nyengo ino timamva za anthu opezeka atafa m'chipinda chotseka, mbaula ili pakati: alonda, ana asukulu, nthawi zina banja lathunthu. Chimene chimawapha si utsi umene timauona. Makala akamayaka pamalo pochepa mphepo amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, wopanda mtundu, wopanda fungo. Magazi athu amaugwira mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, kotero kuti thupi limabanika munthu akupuma. Amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi tulo. Ndipo amene wagona kale sadzuka. Ambiri amanyengedwa ndi mawu akuti "makala apsa, utsi watha." Makala ofiira opanda utsi ndiwo amapha mwakachetechete, ngakhale aja ooneka ngati azima pansi pa phulusa. Kutsegula zenera pang'ono si chitetezo chodalirika. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda chotere, tsegulani chitseko ndi mazenera, mutulutseni panja msanga, thamangirani naye kuchipatala. Musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka.

Mbaula yathu tinayamba taiyatsa panja yopanda kanthu kuti penti yotsala ipse, kenaka tinaipaka mafuta ophikira poletsa dzimbiri. Yayenda kale nyumba zinayi za maliro, ndipo palibe simenti imene yang'aluka. Ikakhala pakhomo, madzulo timaponyamo mbatata ndi mtedza, ndipo adzukulu amene kale ankabalalika aliyense ndi foni yake ayamba kufunsa nthano. Nkhuni timatola za mitengo yosadzidwa m'mipanda, pokumbukira kuti thumba lililonse la makala lolowa mu Lusaka ndi mtengo umene wagwa kwinakwake.

Usiku uno, musanatseke chitseko, yang'anani kumene mbaula yanu ili. Ngati muli ndi mlonda kapena wantchito wogona m'kachipinda ka kuseri, mupatseni bulangeti lina, ndipo mumuuze zimene mwawerengazi. Tionane mwezi wamawa.