Ululu wa Kumwezi Si Ulesi

Akonzi,

Bambo amene analemba kuti atsikana ogona akakhala kumwezi ndi aulesi, ndipo ululuwo udzatha akadzabereka, anaphonya. Iwowo anaumvapo liti?

Pali matenda otchedwa endometriosis: minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, nthawi zina mpaka pamatumbo, n'kumatupa ndi kuwawa mwezi uliwonse. Bungwe la WHO likuti amagwira mkazi mmodzi mwa akazi 10 aliwonse a msinkhu wobereka. Ambiri amatha zaka akungopatsidwa panado, poti sikani siiwaona matendawa nthawi zonse; ena amapezeka nawo pokhapokha atachitidwa opaleshoni ya laparoscopy.

Tsono bambowo akuti atsikanawo abereke? Matenda omwewa ndi amene amalepheretsa ena kutenga pakati!

Ine wowerenga wanu,
Zomba