Cuma ca masiye cipite ku sukulu

Nyali ikayaka m'nyumba, ndani amaganiza za anthu amene anawerengera njira ya malaitiwo? Lero tikambe za mmodzi wa iwo, Pulofesa Edith Clarke wa ku America, cifukwa mbiri yake ikutifunsa funso ife tonse amene timasonkhana pa maliro.

Edith anabadwa mu 1883 pa famu ku Maryland. Pofika zaka 12 anali atataya atate ndi amai ake. Gawo lake la cuma ca makolo silinathe ndi acibale. Iye analipirira nalo maphunziro a masamu pa Vassar College, natsiriza mu 1908. Mu 1919 anakhala mkazi woyamba kutenga digiri ya uinjiniya wa malaiti pa MIT. Ngakhale zinali tero, anayamba wasowa nchito ya uinjiniya cifukwa cokhala mkazi, mpaka kampani ya General Electric inamupatsa udindowo mu 1922.

Nchito yake inali yotani? Malaiti akamayenda mtunda wautali pa nthambo, monga kucokera ku Kariba kufika ku Copperbelt, mphamvu ina imatayika m'njira, ndipo mainjiniya ayenera kuwerengera zimenezi asanaimike mapolo. Masiku amenewo kunalibe makompyuta. Edith anapanga cipangizo cofulumizitsa masamu ovutawo, ndipo mu 1943 anatulutsa buku lophunzitsa mainjiniya. Mu 1947 University of Texas inamuitana, nakhala mkazi woyamba m'dziko lonse la America kukhala pulofesa wa uinjiniya wa malaiti. Anaphunzitsa pafupifupi zaka 10, namwalira mu 1959.

Tsopano tiyang'ane kwathu. Mlimi akamwalira, mwambo wa maliro usanathe ena ayamba kale kuwerenga ng'ombe, ngolo, njinga ndi malata. Mtsikana wamasiye amatengedwa kukalera ana a eni ake, kapena kukwatiwitsidwa akali wamng'ono. Kodi Edith akanabadwira m'mudzi mwathu, akanafika pati?

Lamulo lilipo. Intestate Succession Act ya 1989 imati munthu akafa osalemba wilu, theka la cuma ndi la ana, ndipo wolanda katundu angathe kuzengedwa mlandu. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka Giredi 12, koma yunifomu, mabuku ndi koleji zimafunabe ndalama. Ng'ombe ziwiri za malemu zingathe kufikitsa mwana patali.

Ife tikuti: amalume ndi atsibweni, ndinu osunga cumaco, osati eni ake. Mafumu, musakhale cete. Akhristu a m'miphakati, musathere pa kuimba usiku wonse pa maliro. Bwererani pakapita mwezi mukafunse ngati ana akali pa sukulu.

Cilala ca 2024 cinatigoneka mumdima pamene madzi anacepa ku Kariba. Dziko lino lifunika anthu odziwa za malaiti. Mwina mmodzi wa iwo ndi mtsikana uja amene mwamucotsa pa sukulu kuti azikutungirani madzi.