Makina ogonetsera odwala mano asagulidwe poona kupepuka

Ku America kuli madokotala ogonetsa odwala amene amayenda ndi makina awo m'galimoto, lero pa kiliniki ya mano iyi, mawa pa ina, kukagonetsa ana ndi akulu ofuna kuzulidwa kapena kumatidwa mano. Otsatsa malonda amatamanda kwambiri kupepuka kwa makinawa, kuchepa kwa malo amene amatenga ndi kutsika mtengo kwake. Wogula potengera zimenezi wasokera poyambira pomwe. Choyenera kufunsa n'chakuti: mwana akasiya kupuma ali pampando, makinawa achitapo chiyani?

Ntchito ya mano ili ndi vuto lakelake, chifukwa pamene dokotala akugwira ntchito ndi pomwenso pamadutsa mpweya. Magazi, malovu, thonje kapena kachidutswa ka dzino zikhoza kutseka kukhosi kwa munthu amene wagona tulo ta mankhwala, ndipo iye sangathe kutsokomola. Kachipangizo kopanitsa pachala koyeza okosijeni m'magazi kamachedwa kuulula, makamaka wodwala akamalandira okosijeni wowonjezera: nambala imakhala ikuonekabe bwino munthu atasiya kale kupuma. Chimene chimaulula msanga ndi capnograph, yomwe imayeza carbon dioxide nthawi iliyonse munthu akatulutsa mpweya. N'chifukwa chake bungwe la American Society of Anesthesiologists linalamula kuyambira mu 2011 kuti izigwiritsidwa ntchito ngakhale pa wodwala amene sanagonetsedwe kotheratu. Makina abwino ayeneranso kudula okha mpweya wogonetsa wa nitrous oxide okosijeni akatha, kuliza alamu, kukhala ndi batire, silinda yapadera ya okosijeni ndi chopopera mpweya pamanja. Ndipo wonyamula sevoflurane anyamulenso dantrolene, poti mankhwala ogonetsa a sevoflurane amatha kuyambitsa malignant hyperthermia, vuto lotenthetsa thupi modzidzimutsa lomwe limapha thandizo likachedwa, ndipo dantrolene ndiye mankhwala ake.

Nzeru yopanga makina poganizira tsiku loipa si yachilendo kwathu kuno. Dokotala Paul Fenton, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, ndiye anayambitsa Universal Anaesthesia Machine, makina amene amapitiriza ntchito magetsi atazima ndi okosijeni atatha, pokoka mpweya wa m'chipinda momwemo. Awa ndi makina a m'chipatala, koma muyeso wake ndi womwewo woyenera kiliniki ya mano, kumene thandizo lina silibwera mpaka ambulansi itafika.

Ena amati zonsezi zikweza mtengo, pamene ana ovunda mano ndi ambiri ndipo malo ku fiyeta ya chipatala ndi odula komanso ochedwa kupezeka. Pali zoona pamenepo, ndipo sindikufuna kuti ntchitoyi ithe. Koma aone zimene zinachitika ku Britain. Lipoti la Poswillo la mu 1990 linachenjeza za zipangizo ndi maphunziro, imfa za ana zinapitirirabe, ndipo lipoti la boma la mu 2000 litatuluka, kugonetsa munthu kotheratu pa kiliniki ya mano kunaletsedwa kuyambira mu 2002. Kutchipitsa ndi kumene kumatseketsa ntchito yomwe akuti akuiteteza.

Enanso amati makina amakono ali ndi maalamu okwanira moti dokotala mmodzi angathe kuzula dzino kwinaku akuyang'anira tulo ta wodwala. Alamu imangolira, siitsegula kukhosi. Ku California mwana wa zaka 6 anamwalira mu 2015 atagonetsedwa ndi dokotala yemwenso ankamuzula dzino, ndipo imfayo inabala lamulo lotchedwa Caleb's Law mu 2016. Mu 2019 mabungwe a American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Pediatric Dentistry anagwirizana kuti mwana akamagonetsedwa tulo tofa nato pazikhala katswiri wina amene ntchito yake ndi kuyang'anira mwanayo basi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano wovumbwa ndi mwana wa eni.

Choncho wogula makina awerengere pamodzi capnograph, dantrolene, silinda yachiwiri ndi malipiro a katswiri wogonetsa. Ngati ndalama sizikukwana zonsezi, asagule, atumize wodwala kuchipatala. Inunso makolo, musanasaine pepala lovomereza, funsani kuti amene aziyang'anira kapumidwe ka mwana wanu ndani, ndipo yankho likakhala lakuti ndi wozula dzino yemweyo, tengani mwana wanu muzipita.