Botolo la pawindo lidzabwerera m'mbale

Mwatsiriza maheu mu minibasi, botolo mwaponya pawindo. Muganiza kuti nkhani yathera pamenepo? Iyayi.

Mvula ikagwa, madzi amakokolola mapulasitiki a mu Lusaka kulowa mu ngalande ya Bombay. Ngalandeyo ithira mu Ngwerere, mtsinje wodutsa ku Kasisi. Ngwerere ithira mu Chongwe, Chongwe mu Zambezi, ndipo Zambezi idutsa ku Cahora Bassa, kumene asodzi amagwira kapenta, isanafike kunyanja ya mchere.

Paulendo wonsewu pulasitiki siola. Dzuwa ndi miyala zimangoiphwanya kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, nsomba n'kumeza ngati chakudya. Ofufuza aona kuti tizidutswato timasokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo a nsomba, tothandiza kugaya chakudya. Manje kumbukirani: kapenta timadya ndi matumbo omwe.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala onyamulira katundu mu 2018, koma lamulo silingagwire dzanja la munthu pawindo. Ba kondakita, mangani saka ya zinyalala kumbuyo kwa mpando. Ife okwera, tisunge botolo mpaka pa steshoni. Sililema ayi.