Tisunge Magetsi Poyambira pa Giza

Anthu ambiri okhala m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu amadandaula kuti mayunitsi a ESCOM akutha msanga, koma ndi owerengeka amene adafufuza chimene chikuwadya. Ambiri amathamangira kuzimitsa mababu, pamene mbala yeniyeni ili kudenga, ndiyo giza yotenthetsa madzi osamba. Giza ya mawati 3,000 ikamatenthetsa imadya mayunitsi 3 pa ola limodzi, mofanana ndi mababu 300 a LED a mawati 10 oyaka pamodzi.

Tsono masiku ano kudabwera tizipangizo timene timalankhulana popanda waya, monga ichitira wailesi. Kaswichi kotere kakaikidwa pa giza, mwini nyumba amakalamula pa foni yake kuti kaziyatsa m'bandakucha ndi kuzimitsa madzi akatentha. Tina timaikidwa pa chitseko, ndipo chikatsegulidwa eni ake atachoka, timatumiza uthenga ku foni. Timene timatsata njira yotchedwa Zigbee timapatsirana uthenga tokhatokha, chotero mawu amafika chipinda chilichonse.

Phindu lake limafikanso ku dziko lonse. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidasowa mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka cha 2023. Masiku amenewo adatiphunzitsa kuti magetsi athu ali ndi malire, makamaka madzulo pamene mabanja onse akuphika. Giza iliyonse yozimitsidwa pa nthawi imeneyi imasiyira mpata zipatala ndi nyumba za anzathu.

Komatu wogula achenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba, giza imakoka mphamvu yaikulu, ndipo kaswichi kochepa mphamvu kangathe kupsa ndi kutentha nyumba. Ntchito yoika ipatsidwe kwa mmisiri wamagetsi wovomerezeka. Chachiwiri, chipangizo cholumikizidwa ku intaneti chili ngati khomo lina la nyumba. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalanda makamera ambirimbiri amene eni ake sadasinthe mawu achinsinsi ochokera kufakitale. Asinthidwe tsiku lomwelo limene chipangizo chafika.

Tikulangiza owerenga athu kuti asayambire pa zokongoletsa. Yambani ndi giza, lembani mayunitsi anu sabata iliyonse, ndipo mwezi ukatha mita idzakuuzani yokha ngati ndalama zanu zagwira ntchito.