Mitsempha Imayamba Kuuma Mtima Usanadandaule

Mmalawi wosamalira okalamba ku Leeds kapena ku Dublin amayeza BP ya anthu ena tsiku ndi tsiku, koma yake imatha zaka osayezedwa. Akayezetsa, diso limathamangira nambala yapamwamba, chonsecho mpata wa pakati pa manambala awiriwo uli ndi uthenga wakewake. Pa 120/80 mpatawo ndi 40. Pa 160/80 ndi 80, ndipo malangizo a madokotala a ku Ulaya amati kwa wachikulire, mpata ukafika 60 kapena kupitirira, mitsempha ikuluikulu ya magazi yayamba kuuma.

Mtsempha wa mwana uli ngati mphira ya legeni yatsopano: mtima ukapopa umatamuka, kenako umabwerera mwakale n'kukankha magazi kuti apitirire ulendo. Ukalamba, mchere wambiri, fodya, shuga ndi BP yokwera zimautha mphamvu imeneyi pang'onopang'ono. Ukauma, mtima umapopa movutikira mpaka mnofu wake umakhuthala. Choopsa kwambiri n'chakuti timitsempha todyetsa mtima weniweniwo timalandira magazi ambiri pamene mtima wapumira kaye, pakati pa kugunda ndi kugunda. Kuumako kukatsitsa nambala yam'munsi, mtima umalimbana ndi ntchito yochuluka uku chakudya chake chikuchepa. Zonsezi zimachitika mwini wake ali gwa, akugwira mashifiti awiri ndi kutumiza ndalama za feteleza kumudzi.

Kuuma kumeneku kumayezeka popanda mpeni kapena jakisoni. Kachipangizo kena amakaika pakhosi, kena m'mphechepeche, n'kuona liwiro limene kugunda kwa mtima kumayenda mumtsempha waukulu. Mtsempha wouma umathamangitsa kugundako, ndipo mu 2012 akatswiri a ku Ulaya anagwirizana kuti liwiro loposa mamita 10 pa sekondi ndi chenjezo. Ku Potchefstroom, ofufuza a North-West University anapeza kuti ngakhale anyamata akuda a zaka 6 mpaka 8 anali ndi mitsempha youmirapo kuposa anzawo achizungu. Amenewa ndi ana a pulayimale, osati agogo.

Makina otere amapezeka makamaka kwa akatswiri ndi ochita kafukufuku. Kuyeza kosavuta ndi kuyerekeza BP ya pa akakolo ndi ya pamkono: ya pa akakolo ikachepera 0.9 ya pamkono, mitsempha ya m'miyendo yayamba kutsekeka, ndipo kawirikawiri ya kumtima imakhalanso pangozi.

Njira imene yatchuka masiku ano ndi sikani ya CT yoona kashiamu wounjikana m'mitsempha ya mtima, yowerengedwa mwa njira imene Arthur Agatston ndi anzake anafalitsa mu 1990. Zero ndi nkhani yabwino, kupitirira 100 n'kofuna kukhala pansi ndi dokotala. Koma apa m'pofunika kusamala. Kafukufuku wa MESA, amene anayamba ku United States mu 2000 ndi anthu 6,814, anaonetsa kuti anthu akuda amapezeka ndi kashiamu wochepa poyerekeza ndi azungu. Ku London nako, kafukufuku wa SABRE anapeza kuti anthu akuda sadwala kwambiri matenda a mitsempha ya mtima monga azungu, koma sitiroko imawagwira kwambiri. Choncho wotuluka ndi zero pa sikani, BP yake ili 165/95, asapite kunyumba akuvina. Ubongo ndi impso zake zikadali pamoto.

Vuto la Amalawi ambiri okhala kunja si kusowa kwa makina, koma kusafika pakhomo pa chipatala. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu ku Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa, ndipo BP imeneyo sitsala ku Chileka munthu akakwera ndege. Ku England, a zaka 40 mpaka 74 amene sanapezekepo ndi matenda a BP kapena a mtima amaitanidwa ku NHS Health Check zaka 5 zilizonse kwaulere, kukayezedwa BP ndi mafuta a m'magazi. Kulembetsa kwa dokotala wa m'dera (GP) sikufuna mapepala a chilolezo chokhalira m'dzikomo, mfundo imene ambiri amantha sanaimvepo.

Ku South Africa boma linayamba kuchepetsa mchere mu buledi, supu wa m'mapaketi ndi zina mwa lamulo kuyambira 2016, koma lamulolo silifika mumphika wa ndiwo. Bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku. Opatsidwa mankhwala adziwenso kuti malangizo a bungwe la NICE ku Britain amati munthu wakuda wopanda matenda a shuga ayambe ndi mankhwala a gulu la amlodipine. Popita kwa dokotala, atenge kabuku kolembamo manambala onse awiri, a m'mawa ndi a madzulo, a sabata yathunthu.