Kalabu ndi kukumana, osati yunifolomu

Anzanga a mumsika, makalabu pakati pathu amaphuka ngati bowa wa m'dzinja. Lero tasankha tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, tagula kope lolembamo mayina, takangana za mtundu wa yunifolomu. Pomatha miyezi itatu mapepala a kope lija ali pa benchi, akukulungira usipa. Chimapha makalabu athu n'chiyani? Ena amati umphawi. Ine ndikuti ayi, timawapha tokha posiya kukumana.

Tiyeni tione za anzathu a ku America. Pa 23 Febuluwale 1905, loya wina dzina lake Paul Harris adakumana ndi anzake atatu mumzinda wa Chicago: Silvester Schiele wogulitsa malasha amiyala, Hiram Shorey telala, ndi Gustavus Loehr injiniya wa zamigodi. Mwamva? Wamalasha ndi telala, anthu a geni. Holo yawoyawo adalibe, ankangokumana mosinthanasinthana, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wina ku ofesi ya uje. Dzina loti Rotary lidachokera pa kuzungulira kumeneko.

Gulu litakula, makalabu ake adazolowera kukumana sabata ndi sabata, kawirikawiri pa chakudya. Lamulo lidali lowawa: ukajomba kanayi motsatizana popanda chifukwa, dzina lako limatha kufufutidwa. Mu 2016 m'pamene adalifewetsa kuti kalabu ikhoza kumakumana kawiri pa mwezi. Amayi nawo adachita kulimbana mpaka kukhoti, ndipo mu 1989 chitseko chidawatsegukira m'makalabu onse.

Nanga ntchito yawo yoyamba yothandiza anthu idali yotani? Musaseke. Mu 1907 adayamba kuumiriza kuti mumzinda wa Chicago mumangidwe zimbudzi za aliyense. Zimbudzi basi! Gulu lomwelo ndi limene mu 1985 lidayambitsa nkhondo yolimbana ndi poliyo pa dziko lonse, ndipo makalabu ake adafika mpaka ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe.

Mwina muti awo ndi mabwana a mataye. Chabwino, imvani za banja limodzi la ku America komweko. Kudera la Vermont m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa, mapiri n'kuyera mbuu ngati pathiridwa ufa. Anthu amamanga timatabwa tiwiri tatitali kumapazi n'kumatsetsereka paphiri, masewera amene amawatchula kuti ski. Kutsika n'kokoma, vuto ndi kukweranso.

Mu 1961 a Mickey Cochran ndi akazi awo a Ginny, a m'tauni yaing'ono ya Richmond, adaika chingwe choyendera injini pa kaphiri ka kuseri kwa nyumba yawo kuti chizikokera ana awo anayi pamwamba. Ana a anansi adayamba kubwera, makolo nawo akutsatira, mayi Cochran akuphunzitsa. Kuseri kwa nyumba kudasanduka kalabu.

Ana anayi onsewo adafika ku masewera a Olympics. Mmodzi wa iwo, Barbara Ann, adapata mendulo ya golide ku Sapporo, Japan, mu 1972. Patapita zaka 50, mwana wake Ryan Cochran-Siegle adatenga ya siliva ku Beijing mu 2022. Bambo Cochran atamwalira mu 1998, kaphiri kaja sikadatsekedwe. Kadaikidwa m'manja mwa bungwe losafuna phindu, cholinga chake n'kuti mwana asabwezedwe chifukwa choti makolo ake alibe ndalama.

Awa a zimbudzi ndi awa a chingwe akufanana pa zinthu ziwiri. Adayamba ndi kanthu kakang'ono ka pakhomo pawo, ndipo sadaleke kubwera pa tsiku lomwe adapangana. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ife timayambira kumchira. Tsiku loyamba lomwe tikukamba zogula lole, zolemba kalata kwa madona, za T-shirt. Pamenepo ngalande yatsekeka, zinyalala zaunjikana pafupi ndi ogulitsa mandasi, chimbudzi ungalowe utatsina mphuno. Taiwala kale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno? Matenda akabuka, msika ukatsekedwa, amene amagona ndi njala ndi ana athu.

Tsono nayi njira. Sankhani tsiku limodzi pa sabata ndi ola limodzi, makasitomala atachepa. Msonkhano usapitirire mphindi 30, pakuti tomato sadikira. Msungichuma aziwerenga ndalama mokweza, aliyense akumva, sabata iliyonse. Wojomba kanayi afunsidwe pamaso. Ndipo gwirani ntchito imodzi yokha mpaka ithe, kaya ndi ngalande, kaya ndi chitseko cha chimbudzi.

Za yunifolomu tidzakambirana ngalande ikayamba kuyenda.